Njira ya Onse

Jesinta wa ku Makhanga anali ndi pakati pachiwiri. Mwana woyamba, Petro, anachita kumutulutsa ndi mpeni dotolo wachizungu wa ku mishoni ku Kabula, ndiye mwezi utayandikira Jesinta anafuna kukadikirira komweko, koma anapeza mwamuna wake Lorenso ali phee pansi pa msawu, akusema ndodo.

"Abambo ake a Petro, sitima ya ku Kabula tikakwerera pa Chiromo mawa. Ndodoyo ndi yachiyani?"

"Sitima ayi. Tiyenda pansi."

"Pansi? Ndi mimba iyi?"

"Dotolo ananena ine ndikumva. Akuti wachiwiriyu sadzang'amba, adzadzera njira ya onse. Njira ya onse ndi msewu wa ku Chikwawa, wokwera phiri uja."

Jesinta anagwira pakamwa. "Kalanga ine! Sankanena msewu!"

"Nanga njanji ndi ya onse? Abulu amadutsamo?"

"Ankanena njira ina."

"Iti? Itchuleni."

"Ine ayi. Sinditchula zimenezo masana, ana akumva."

"Ndiye ndi msewu," anatero Lorenso, napitiriza kusema.

"Inu! Njira yomwe munadzera inuyo!"

"Ine ndinadzera pabwato kuchokera ku Sena. Mukufuna mwana adzere mu Shire, ng'ona zonsezi?"

"Ndikunena pomwe mayi anu anakutulutsirani!"

"Amayi? Ananditulutsira khomo lakuseri, ndi chikuni chamoto, nditaba mlamba."

Jesinta anakhala pamtondo, akupuma mwamphamvu. Anagwira chipsera cha pamimba paja. Dotolo anamuchenjeza kuti chikhoza kutseguka pobereka, nchifukwa chake ankafuna kuchirira pafupi naye, osati paphiri.

"Tamverani. Mbuzi yanu ija inaswa dzana. Dotolo anabwera ndi mpeni?"

"Ayi."

"Kamwana kanadzera msewu wa ku Chikwawa?"

"Ayi, kanadzera ku..." Lorenso anaima. Mpeni unagwa m'manja. Anayang'ana mbuzi, nayang'ana mkazi wake, kenako anaseka mpaka kutsokomola. "Hoo! Imeneyo! Bwanji osanena, amake Petro? Nanga tikavutikiranji ku Kabula? Njira imeneyo ine ndimaidziwa kuposa mzungu uja!"

Jesinta anadzuka pang'onopang'ono, namulanda ndodo ija.

"Inu mumaidziwa polowa, bambo. Za potuluka simunazionepo. Kamangeni katundu."