Nyali ya Oliyo Yochedwa Kuzima

Pa siteji ya chapa, minibasi za ku Mozambique, ku Tsangano, amuna awiri osadziwana ankadikira ulendo wa ku Tete.

"Nkhope yagweranji, achimwene?"

"Thirakitala yanga. Ndikailiza m'mawa, nyali ya oliyo imachedwa kuzima. Amakaniko akuti pampu yatha, ndikagule ina ku Tete. Mvula nayo yayandikira, minda sindinalime."

"Mwakumana ndi Abílio! Ine ndakonza mathirakitala kuyambira ku Beira mpaka ku Joni. Munathiramo oliyo wotani?"

"Wolimba uja, amati ndiye wamphamvu."

"Ndi kuzizira kwa kunoku? Ameneyo m'mawa amakwera ngati phala! Tsanulani, tsukani sefa ya pansi, thirani wopepuka. Nyaliyo ikapitiriza kuchedwa, pampuyo ndikakugulirani ine."

Chapa inafika.

"Kwerani, achimwene."

"Pitani nokha, a Abílio. Ine ndikukagona pansi pa thirakitala."