A Telala Anagwa Anthu Mazana Atatu Akuonera

Malemu anabadwa pa 9 Epulo 1984, achitatu m'banja la ana asanu. Ine ndikuyankhula pano ndine malume awo. Sukulu analekeza Fomu 2, ndipo mu 2003 anayamba kuphunzira kusoka pakhonde la sitolo. Ambiri a inu masuti a ukwati wanu anatuluka m'manja mwawo, n'chifukwa chake tonse tinkangoti a Telala. Anakwatira mu 2010.

Mu 2019 anatsegula tsamba pa intaneti loonetserapo zovala. Mu 2022 anzawo ena, ndikuwaona akhala kumbuyoko, anawalawitsa kokeni wa timiyala, wosutira m'kapaipi kagalasi uja. Sindibisa, pakuti kubisa n'kumene kwatisonkhanitsa pano. Akasuta ankayatsa kamera ya foni dziko lonse likuona: kutukwana makasitomala, kuduladula suti ya eni ndi sizasi, mpaka kulengeza kuti mayi awo owabereka ndi mfiti. M'mawa mwake ankafufuta makanemawo akulira.

Ife abale tinachitanso zathu zonyansa. Poopa manyazi tinkauza anthu kuti tsambalo alibera achinyengo, chikhalirecho nkhope inali yawo. M'malo mopita nawo kuchipatala, tinkangowabisira tchaja. Inu uko munkafa nazo kuseka, kugawana makanemawo, n'kumawalembera kuti awonjezere moto. Mwana wawo wamkazi anafika poleka sukulu chifukwa anzake ankayeseza bambo ake pamaso pake.

Lachiwiri lapitali masana, ali pa kamera m'shopu mwawo, anagwira pachifuwa n'kugwera pa makina. Oonera munalipo mazana atatu. Kwa mphindi makumi anayi munkatumiza tinkhope toseka, ati ndi sewero latsopano.

Malemu asiya mkazi, ana awiri, ndi mayi awo, amene anawakhululukira kalekale koma mpata wowauza sanaupeze.

Tikuthokoza ampingo, okumba manda, ndi mayi ogulitsa tomato pafupi ndi shopu. Iwowa foni alibe. Anangomva chinthu chagwa, anathamangira komweko, n'kuwagoneka pamiyendo pawo mpaka mpweya unatha.

Kanema wa imfayi akuyendabe m'mafoni mwanu, ndipo ana awiri akhala apawa sanamuone. Chonde mufufuteni lero, asanawapeze. Inunso amene mwakweza mafoni kujambula bokosili, tsitsani manja, a Telala aweruka.

Mzimu wawo uuse mumtendere, umene tonsefe tinawamana ali moyo.