Mubwere Mawa, Bwana

Pasiteji ya maminibasi pa Mwanza, bambo wina ankagula manachesi kwa mayi amene ankangomwetulira yekha.

"Mayi, mwatola chiyani lero?"

"Bambo, ine ndinali mesenjala m'boma. Anandichotsa ntchito popanda chifukwa. Khoti linagamula kuti andipatse malipiro anga onse, koma abwana ankangoti, 'Mubwere mawa.'"

"Ndiye munangowasiya?"

"Ine? Ndinakawasumiranso mlandu wonyoza khoti. Atamva zoti akhoza kumangidwa, dzulo anabwera pompano atavala suti, n'kunjuta pafumbipa, akuti ndikathetse mlanduwo."

"Aa! Inu munawayankha chiyani?"

"Ndinayamba ndagulitsa kaye manachesi angawa, iwo akudikira padzuwa. Kenako ndinati, 'Bwana, lero ndatanganidwa. Mubwere mawa.'"