Magazi a pa Malaya Anga Sanali Anga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ambiri a inu mumandidziwa. Ndine Filipo, wakabaza wa pa siteji ya kumsika. Ena mwa inu ndinakunyamulanipo panjinga nditaledzera, ndipo ngati munakafika kwanu ndi mano onse, thokozani Mulungu, osati ine.

Zaka zambiri ndinali kapolo wa kachasu. Ndikapalasa m'mawa, masana ndinali kwa mayi wina wotcheza kuseri kwa chigayo. Mkazi wanga Esinati ankakazinga zitumbuwa kuti ana adye, ine ndikuyenda motumbwa ngati mwini boma. Tchalitchi chino ndinkachidziwa ngati malo otsitsira makasitomala Lamlungu, basi.

Bodza linali m'magazi. Ndinkanama ngakhale pamene zoona zikanandithandiza.

Lachitatu lina ndinagwera m'ngalande ndi njinga pochokera ku mowa, mkono wamanzere n'kutupa. Kuchipatala sindinapite, ndinkaopa kuti anamwino amva fungo n'kundiseka. Ndinangomanga kansalu n'kumapalasa choncho.

Lachisanu la sabata lomwelo m'mawa, ndinali pa msewu waukulu, ndikubwerera kosiya munthu cha kummwera kwa boma. Minibasi yochokera ku Benga inaphulika tayala la kutsogolo ine ndikuona. Inagubuduzika kawiri n'kukagona chammbali m'munda wa chinangwa.

Ndinali woyamba kufika. Kulira kwa anthu aja mpaka lero ndimakumva. Ndinakoka bambo wina pa windo, atavala mkanjo woyera. Anali a Saidi, telala amene ankasoka pa khonde la golosale pafupi ndi mzikiti. Mphumi inali itang'ambika, magazi akuchucha, koma ankayankhula bwinobwino.

"Achimwene, ndiperekezeni kunyumba ndikasambe," anatero a Saidi. "Lero ndi Lachisanu, mumzikiti sindingalowe chonchi. Kuchipatala ndipita ndikaswali."

Ndinawakweza. Njira yonse anandigwira m'chiuno, mutu atautsamiritsa pamsana panga. Ndinakawasiya m'manja mwa akazi awo, mayi Amina. Pochoka pakhomopo malaya anga anali atanyowa magazi kuyambira paphewa mpaka pa lamba.

Musaganize kuti ndinapita kuchipatala chifukwa cha chifundo. Ndinkadziwa kuti abale a ovulala adzaza kumeneko ndipo afuna njinga. Nditangofika pa geti, wina anandigwira dzanja. Anali dobadoba wina, mmodzi wa anthu amene amazungulira m'mawodi kusaka ovulala pa ngozi kuti awapezere maloya. Tinkamutchula kuti Jekete, chifukwa ngakhale mu Okutobala, kutentha kwa kunyanja kuno kuli pachimake, jekete sankavula.

Anayang'ana malaya anga, n'kuyang'ana mkono. "Aise, iwenso unali m'minibasimo?"

Ndinati ayi.

"Ganiza bwino," anatero chapansipansi. "Dalaivala ndi kondakitala onse akomoka. Apolisi akulemba mayina pakhondepo. Magazi uli nawo, mkono uli nawo. Kampani ya inshulansi ikapereka chipukuta misozi, njinga yopalasa uyiiwala, ugula yamoto."

Sindinaganize nthawi yaitali. Wapolisi atafunsa amene anali m'minibasi, ndinakweza mkono wabwinowo. Adokotala anandijambula n'kupeza kuti fupa linathyokadi, ndipo analemba zimene anaona. Chimene sanadziwe n'chakuti linathyoka Lachitatu. Jekete anandiuza kuti malayawo ndisawachape, ndiwasunge, angadzafunike ngati umboni. Ndinawaika m'jumbo n'kuwapachika kudenga.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa likadalipo, ndinakumana ndi amuna ambiri atasenza maliro, akuyenda mofulumira kulowera kumanda a Asilamu. Ndinatsika panjinga n'kufunsa kuti ndani watisiya. Anati a Saidi atelala. Magazi ankatayikira m'kati, ndipo anamwalira pa mphasa asanafike n'kumzikiti komwe. Monga mwa chipembedzo chawo, anawasambitsa, kuwakulunga m'nsalu, n'kuwaika tsiku lomwelo. Palibe dokotala amene anaona thupi lawo. Palibe wapolisi amene analemba dzina lawo.

Ndinamva chisoni, sindikana. Koma ndinakachimiza m'botolo.

Inadutsa miyezi inayi ndi masiku ena. Mapepala anga ankayenda bwino: lipoti la kupolisi, lipoti la kuchipatala, kalata ya loya wa ku Lilongwe amene sindinamuonepo. Kunatsala chinthu chimodzi, kukalumbira kukhoti kuti zonse zolembedwazo n'zoona. Ndinali nditasankha kale mtundu wa njinga yamoto, yofiira.

Lolemba lina masana ndikupuma pakhomo, ndinamva odi. Anali mayi Amina, ataonda, atanyamula kamtolo kokulunga m'nyuzipepala. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, Esinati n'kuwapatsa madzi.

"Bambo, pepani ndachedwa kubwera," anatero. "Ndinali pa eda. Kwathu mkazi akaferedwa mwamuna sachoka pakhomo miyezi inayi ndi masiku khumi. Ndatuluka sabata yathayi."

Anamasula kamtoloko. Munali malaya atsopano a buluu, osokedwa bwino, kolala yowongoka.

"Malemu asanatsirizike anati, wakabaza uja ndamuonongera malaya ndi magazi anga, mumupatse awa ndinasokawa. Anabwereza kawiri. Ndiye ndati ndikwaniritse."

Abale anga, manja anga anakana kulandira. Analandira ndi Esinati.

Kenaka anafotokoza chachiwiri chimene anadzera. Achimwene awo anali atawapitira kale kwa loya kukafunsa chipukuta misozi, chifukwa panyumba panatsala ana atatu ndi makina osokera opanda wosoka. A inshulansi anakana. Anati dzina la a Saidi palibe pa ndandanda wa apolisi, kalata ya dokotala yonena za imfa palibe, ndipo mayina olembedwa akwana kale mipando yonse ya minibasiyo. Ndiye munthu winayu anakhala pati?

Ine ndinkadziwa pamene anakhala. Mpando wawo ndinakhalapo ndine.

"Loya akuti pakufunika mboni imene inawaona akutuluka m'galimotomo," anapitiriza mayiwo. "Ine ndikudziwa inu nokha, bambo. Zikakanika ndigulitsa makina, ana ndiwagawe kwa abale."

Sankadziwa kuti dzina langa lili pa ndandanda womwewo. Ndinawauza kuti ndiganiza kaye. Anandithokoza, mpaka kuwomba m'manja, n'kumapita.

Nkhani inali poyera. Ndikati ndinawanyamula a Saidi panjinga yanga, ndiye kuti m'minibasimo ine munalibe. Ndikati ndinali m'minibasimo, ndiye kuti ana atatu aja amwazikana. Njira yapakati panalibe.

Ndinathamangira kwa Jekete. Ndinamupeza pa depoti akudya chipisi. Sanasiye kutafuna.

"Tamvera, aise. Ukatsegula pakamwa, wolowa m'ndende ndiwe. Ananamiza apolisi ndani? Anasaina ndani? Dzina langa silili pa pepala lililonse. Ndiponso pali anthu amene aika nthawi yawo pa nkhaniyi, sangasangalale. Wakabaza amayenda yekha m'misewu yakutali, usaiwale. Lachinayi ukalumbire, basi. Wakufa wafa."

Ndinachita mantha enieni. Lachiwiri ndi Lachitatu sindinagwire ntchito. Ndikaona mpango wa mayi aliyense pamsika ndinkakhota. Ndinamwa kachasu kuposa masiku onse, koma sanandigwire. Ndikatsinzina ndinkamva kulemera kwa mutu wa a Saidi pamsana panga.

Lachinayi m'mawa ndinapeza Esinati atayala mphasa pabwalo. Anali atatsitsa jumbo ija kudenga. Mbali ina anaika malaya akale, magazi atauma n'kuda bii. Mbali ina malaya a buluu aja.

"Abambo a Chisomo," anatero osakweza mawu, "ine ndakhala chete zaka zonsezi. Mowa ndinapirira, njala ndinapirira. Koma ndalama ya ana amasiye ikalowa m'nyumba muno, ine ndituluka. Sankhani malaya amene muvale kukhotiko."

Ndinamukalipira. Ndinati akazi sadziwa za mapepala. Ndinavala sikipa yanga yakale, malaya onse awiri ndinawaponya m'jumbo kuti asandichititse manyazi pabwalo, n'kukwera njinga.

Njira ya kukhoti imadutsa pa tchalitchi pano. Chitseko chinali chotsegula, ndipo a Kamanga, mkulu wathu wa mpingo amene akhala kutsogoloku, ankakhoma benchi yothyoka. Sindikudziwa chimene chinagwira mabuleki. Ndinangopezeka ndatsika, ndalowa, ndakhala pa benchi ya kumbuyo uko, thukuta lili kamukamu.

A Kamanga anasiya hamala. "Filipo, wasochera kapena wabweretsa kasitomala?"

Ndinafuna kuseka, koma chimene chinatuluka ndi kulira. Ndinawauza zonse, kuyambira ngalande ya Lachitatu mpaka mphasa ya Esinati. Kanali koyamba m'moyo wanga kufotokoza nkhani osawonjezera kapena kuchotsa. Ndinawafunsa ngati Mulungu angakhululukire munthu wobera wakufa.

"Angathe, ndipo akhululuka lero lomwe ukapempha," anatero. "Koma sindikunamiza kuti akakupulumutsa ku ndende. Mwina ukalowadi. Chimene ndikudziwa n'chakuti sukalowa wekha."

Tinagwada pa simenti pomwepa. Pemphero langa silinali lokongola. Ndinangoti, Yesu, ndine wakuba ndi wabodza, ndatopa, nditengeni. Mantha sanachoke. Chimene chinachoka ndi kusadziwa chochita. Ndinavula sikipa, ndinavala malaya a buluu, a Kamanga n'kukwera kumbuyo kwa njinga yanga.

Jekete anali pansi pa mtengo kunja kwa khoti. Ataona malayawo ndi mkulu wa mpingo, nkhope inasintha. Anandilozera chala pakhosi pake mwakachetechete. Ndinakwera masitepe n'kulowa.

M'kati munali loya wanga, kalaliki ndi bwana wolumbiritsa. Anandiwerengera pepala lonena kuti ndinali pa mpando wachitatu kuchokera kumbuyo. Anandipatsa Baibulo kuti ndigwire.

Ndinati, "Bwana, pepalali ndi labodza. M'minibasimo ine munalibe."

Ndinatulutsa malaya akale aja m'jumbo n'kuwayala pa tebulo. "Magazi awa si anga. Ndi a Saidi atelala. Ndinawatulutsa ndine pa windo, ndinawanyamula ndine. Mpando umene mwandilembawo ndi wawo."

Loya anagwira kumutu. Bwana uja anandifunsa ngati ndikudziwa kuti ndadziimba mlandu ndekha. Ndinati ndikudziwa. Anaitana wapolisi. Potuluka ndili ndi unyolo m'manja, pansi pa mtengo paja panalibe munthu, ndipo Jekete sanaonekenso pa boma pano.

Ndinagona m'chitokosi masiku angapo. Thupi linkafuna kachasu mpaka kunjenjemera, koma mumtima munali bata limene sindinalidziwepo. Khoti linaganizira kuti ndinaulula ndekha ndisanalandire kalikonse, ndipo linandilamula kusesa pa chipatala miyezi ingapo osalipidwa. Ndinasesa khonde lomwe lija ndinakwezera mkono. Anzanga a pa siteji ankabwera dala kudzandiseka, amvekere njinga yamoto yasanduka tsache. Zinkandiwawa, koma ankanena zoona.

Mayi Amina anamva zonse kwa loya wawo. Musaganize kuti anandikumbatira. Miyezi yambiri tikakumana pamsewu ankayang'ana kumbali, ndipo sindinawaimbe mlandu. Komabe ndinapita kulikonse kumene anandiitana kukaikira umboni. Shehe amene anayendetsa maliro analemba kalata yake, amuna amene anasambitsa thupi anafotokoza mabala amene anaona. Nkhani inatenga chaka ndi miyezi, kukankhidwa uku ndi uku, mpaka dzina langa linafafanizidwa ndipo la a Saidi linalowa pamalo pake. Chipukuta misozi chinatuluka. Sichinali chochuluka monga Jekete ankalotetsera anthu, koma ana sanagawidwe, ndipo makina aja akulira pa khonde la golosale lija. Akusoka ndi mwana wawo wamkazi woyamba.

Tsiku lina mayiwo anandiimitsa pa siteji. Anayang'ana malaya anga a buluu, n'kuti, "Kolala yayamba kutha, bambo. Mubwere nawo, mwana akukonzereni." Anangonena zomwezo. Ine ndinapita kuseri kwa golosale kukalira.

Kuyambira Lachinayi lija sindinalawenso mowa. Ndikadali pa njinga yopalasa, mkono umandiwawa kukazizira, koma Esinati amaseka m'nyumba mwathu, ndipo Chisomo sathawanso akamva belu langa.

Abale anga, ngozi ikakugwerani, pitani kuchipatala ngakhale mukuona ngati ndi kachilonda. Lembetsani dzina lanu, funsani chipukuta misozi chanu, ndi ufulu wanu. Koma musakhale pa mpando wa wina.

Ine ndinafuna kupindula ndi magazi a munthu wina mwakuba, ndipo anandilemera mpaka kulephera kupuma. Yesu anandipatsa ake mwaulere, ndipo ndi amene anandimasula. Dzina lake litamandike.

Malaya ndavalawa ndi omwe aja. Ngati nawenso uli ndi jumbo yako imene unapachika kudenga, imene sufuna kuti aliyense atsegule, usabwerere nayo kunyumba lero. Benchi ya kumbuyo ija a Kamanga anaikhoma bwino, ndipo malo alipo. Bwera, tigwade limodzi.