Ndinakhalitsa Kumwezi

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye, makamaka inu amayi anzanga. Abambo mundikhululukire, chifukwa matenda amene ndikufuna kunenawa kwathu satchulidwa pamaso pa amuna. Ngakhale lero, mutu uli mbuu ndi imvi, ndikulemba nditazyolika.

Munali mu 1970. Tinkakhala ku Edmonton, dera la mumzinda wa London, ine, amuna anga ndi mwana wathu Tiyamike, amene anali atangoyamba sukulu. Kwathu tinachita kuthawa chifukwa cha ndale, mwanayo ali kumsana. Nthawi imeneyo ndinapita kumwezi monga mayi aliyense, koma sindinabwereko. Magazi ankangotuluka, mwezi uno, mwezi winawo, osaleka. Zikhatho zinayera, chizungulire tsiku lililonse, ndipo kukwera masitepe a basi ndinkachita kupumira panjira.

Dokotala wathu anali mwamuna, mzungu, wamng'ono kwa ine. Ndinapitako nditakonzeka kunena zonse, koma atandifunsa vuto ndinati mutu. Anandipatsa mapiritsi a mutu, ine n'kuthokoza, n'kutuluka. Kwathu ndikananong'oneza azakhali, nanga kuno ndikanauza yani? Kutchalitchi ndinkakhala mpando wakumbuyo nditavala chikhoti chakuda, kuopa kusiya chizindikiro. Ndinkawerenga za mayi uja amene anakhudza chovala cha Yesu pakati pa khamu, n'kumaona kuti anandiposa kulimba mtima. Pemphero langa linali limodzi: Ambuye ndichizeni, koma munthu asadziwe.

Ngakhale tinali opemphera, mwambo wa mchere sindinausiye. Mayi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, choncho ndinkaitana Tiyamike kuti athire. Atatopa nazo anafunsa bambo ake chifukwa chake, ndipo iwo pofuna kumuchotsa pamaso anangoti, "Amayi ako ali kumwezi." Mwana wokulira ku London anawasunga mawuwo mmene anawamvera.

Masiku omwewo dziko lonse linali pa nkhani ya amuna atatu a ku America amene chombo chawo chinawonongeka akupita ku mwezi weniweniwo, wakumwambawu. Analephera kutera, anangouzungulira n'kutembenuka, magetsi ndi madzi zikuwathera. Madzulo amene ankayembekezeka kugwera m'nyanja, Amalawi tinasonkhana kwa Mayi Nachisale, namwino wa pachipatala chachikulu cha kuno, poti ndiwo anali ndi TV yooneka bwino. Abusa analipo, madoda othawa ndale analipo, ana atakhala pansi pakapeti.

Wofotokoza pa TV anati chombo chikamalowa mumpweya wa dziko lino chimakutidwa ndi moto, ndipo wailesi yake imazima kwa kanthawi. Ngati chinang'aluka kunsi, anthuwo apsera momwemo. Nthawi yoti amvekenso inakwana, koma kunali zii. Nthawi inapitirira, kudakali zii. Abusa anavula magalasi n'kutsinzina, ndipo m'chipinda monse munalibe ngakhale wotsokomola.

Apo ndi pamene Tiyamike anatsegula pakamwa. Masiku onse ankatiyankha m'Chingerezi, koma tsiku limenelo, pamaso pa akuluakulu, anasankha Chichewa.

"Adadi akuti amami nawonso ali kumwezi. Kuyambira Khirisimasi mchere ndikungothira ine. Iwo abwerako liti?"

Abale, ndinafuna kulowa pansi. Abusa anayang'ana kudenga. Amuna anga mwadzidzidzi anapeza ntchito pazingwe za nsapato zawo. Ine ndinamutsina mwanayo pantchafu mpaka analira. Nthawi yomweyo mawu anamveka pa TV, kenako maparachuti atatu anaonekera m'mitambo. Anthu anawomba m'manja mopitirira muyeso, ndipo ndikudziwa kuti ena ankawombera kuti andibise ine. Ndinathawira kukhitchini misozi ili chuchuchu.

Mayi Nachisale ananditsatira n'kutseka chitseko. Sanaseke, sanandinyengererenso. Anakoka chikope changa cham'munsi n'kuyang'anitsitsa.

"Kuyambira Khirisimasi, mayi a Tiyamike? Mukufuna tikuikeni m'manda a kuno chifukwa cha manyazi?"

Kuseri kwa chitseko ndinkamva ana akufuula kuti osambira afika pachombo chikuyandama, atsegula kachitseko, ndipo helikopita ikuwakweza amuna aja mmodzimmodzi. Anayenda ulendo wonse uja, komabe pamapeto anachita kutengedwa ndi anthu ena. Ine ndinkafuna kutuluka m'vuto langa ndekha.

M'mawa mwake Mayi Nachisale anabwera kudzanditenga, ndipo pamaso pa madokotala iwowo ndiwo anandilankhulira, ine nditangowerama. Anandipeza ndi zotupa m'chiberekero, magazi atatsala pang'ono kutheratu m'thupi. Anandiwonjezera magazi, kenako opaleshoni. Dokotala wamkulu anati ndikanachedwanso, mtima ukanatopa. Chiberekero anachotsa, ndipo Tiyamike anakhala mwana wathu yekhayo. Zimenezo zimandipwetekabe.

Tiyamike atabwera kudzandiona muwodi, anaima patali, akundiopa. Ndinamuitana n'kumugwira pantchafu pomwe ndinamutsina paja. Iye anandinong'oneza kukhutu, poti anali ataphunzira kuti nkhaniyi sanenera pagulu.

"Mwabwerako?"

"Ndabwerako, mwana wanga."

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa pemphero langa analiyankha theka, theka linalo anakana. Anandichiza, koma sanalole kuti munthu asadziwe. Anadziwa abusa, anadziwa madoda, anadziwa Amalawi onse a mu London mpaka ku Peckham, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkalowa m'tchalitchi maso ali pansi. Akanandimvera zonse, bwenzi ndili m'manda ndi ulemu wanga.

Mayi mnzanga, ngati ukubisa nthenda chifukwa ili malo osatchulika, usaleke kupemphera, koma ukati ameni pita ukauze munthu. Manyazi ndinachita, ndipo ndikuchitabe, koma ndili moyo. Kuyambira chaka chimenecho mchere ndimathira ndekha.