Nkhumba ya Khonsolo

M'chaka cha 1978, khonsolo inamanga nyumba yophera ziweto pa kamsika kena ka pamsewu wa ku Ntaja, pomwe anthu anakhala akupempha chitsime kwa zaka zitatu. Lachinayi lina m'mawa, a Yotamu, kalaliki wa msikawo, anafika ndi fayilo kukhwapa pansi pa mtengo wa mango pomwe Che Uladi, wogulitsa nyama yekhayo pamalopo, ankasenda mbuzi.

"Mwadzuka bwanji, Che Uladi?"

"Ndinadzuka bwino, akalaliki, mpaka pomwe ndaona fayiloyo."

A Yotamu anaitembenuza, naiyang'ana uku ndi uku. "Ilibe vuto. Yangolumidwa pang'ono pakona."

"Makoswe?"

"Imeneyo ndi nkhani ina. Ndabwera ndi uthenga wabwino. Lolemba tikutsegulira nyumba yophera ziweto. Kubwera alendo ochokera ku boma. Kuyambira tsiku lotsegulira, aliyense wopha chiweto pansi pa mtengo alandidwa laisensi."

"Aliyense? Tilipo angati?"

A Yotamu anatsegula fayilo, nayendetsa chala mpaka pansi pa pepala. "Mmodzi."

"Dzina lake?"

"Uladi Sadiki."

"Mukamuona mumuuze kuti sapitako."

"Ndamuona kale. Ndi inu."

Che Uladi anapukutira mpeni pa chikopa. "Tandikumbutsani, akalaliki, poti inu ndi ophunzira. Pa msonkhano uja wa pabwalo la sukulu, ife tinapempha chiyani?"

"Chitsime."

"Chaka chinacho?"

"Chitsime."

"Chinachonso?"

"Chitsime. Zonse zinalembedwa bwinobwino. Ndinalemba ndine."

"Ndiye mwatipatsa chiyani?"

"Nyumba yophera ziweto."

"Zikomo kwambiri. Ana akamva ludzu azikanyambita simenti."

"Iyayi, ana saloledwa kulowamo."

"Ha!"

"Mumvetse, Che Uladi. Mu bajeti munalibe ndalama ya madzi. Ya nyumba yophera inalipo, ndipo chaka chinkatha. Tikanapanda kumanga, ikanabwerera komwe inachokera."

"Kalanga ine, bwenzi italira njira yonse."

"Komanso musaiwale kuti m'nyumbamo muli mpopi."

"Mumatuluka chiyani?"

"Dzulo munatuluka buluzi."

Che Uladi anakoka chikopa, chinasupuka mpaka m'khosi. "Ine ndalowamo m'nyumba yanuyo. Zipinda ziwiri. Pakhomo lina mwalemba MBUZI. Pa linalo mwalemba chiyani?"

"NKHUMBA."

"Kuno? Pakati pa mizikiti itatu?"

"Inayi, mukawerenga wa udzu uja."

"Chibadwire munaonapo munthu akuweta nkhumba pamalo pano?"

"Iyayi. Koma pulani ndi imodzi dziko lonse. Amisiri sangaidule pakati ngati nzimbe."

"Ndipo ngalande yake ikuchokera kuchipinda cha nkhumbacho, n'kudutsa pomwe ine ndizigoneka mbuzi ndi kutchula dzina la Allah. Anajambula pulaniyo ndi munthu wanzeru. Mukamuthokoze."

"Ndilibe adiresi yake. Koma za ngalande musade nkhawa. Madzi kulibe, ndiye palibe choti chiyendemo."

"Ohoo. Ndiye kusowa kwa madzi kwatipulumutsa."

"Mfundo yabwino imeneyo." A Yotamu anachotsa cholembera kukhutu.

"Musalembe! Tamverani kuno. Anthu akangomva kuti nyama yanga yachinjidwira mmenemo, palibe adzagule ngakhale mchira. Che Salima, amene akhala akundigula chiwindi zaka khumi, azidzandilambalala. Shehe sadzandipatsanso moni. Ndipo Idi ili pafupi, mbuzi zisanu ndi imodzi zili kale m'khola."

"Mukapanda kupitako, laisensi."

"Ndikapitako, anthu. Mwandikonzera bwino, achimwene. Uku moto, uku minga. Chabwino, lembani kuti nkhumba sidzapondamo mpaka kalekale, mudinde chidindo, ndikaonetse Shehe."

"Sindingathe. Bajeti inayerekeza kuti pano paziphedwa nkhumba zinayi pamwezi."

"Anaziona kuti?"

"Anawerenga nkhumba za m'boma lonse, n'kugawira misika yonse mofanana. Ife zinatigwera zinayi."

"Nanga zinayi zathuzo zili kuti?"

"Ndi zomwe akundifunsa." A Yotamu anatsitsa mawu. "Ndikalemba miyezi itatu kuti palibe, azidzati pano pali wina akubweza chitukuko m'mbuyo. Ndipo inu mukuwadziwa omwe amabwera kudzafunsa zimenezo."

Onse awiri anacheukira kuchipata cha msika, komwe ayufi a malaya ofiira ankaimitsa anthu kuti aonetse makadi a chipani.

"Ine chitukuko ndimachikonda," anatero Che Uladi mokweza.

"Inenso!" anatero a Yotamu, mokweza kuposa pamenepo. Kenaka ananong'ona: "Ndiye ndapezako imodzi."

Mpeni unaima. "Imodzi chiyani?"

"Nkhumba. Khonsolo yagula kwa alamu anga ku Rivirivi. Inabwera pa ngolo milungu iwiri yapitayo. Ili kuseri kwa nyumba yanga."

"Ndiye phokoso lija ndimamva popita kumzikiti?"

"Ndi iyo."

"Ine ndimayesa ndinu mukudwala chifuwa. Ndinakupemphererani!"

"Zikomo. Ndi yomwenso inaluma fayiloyi."

"Ili ndi nzeru kuposa ena. Ndiye muchita nayo chiyani?"

"Alendo akufuna kuona zipinda zonse zikugwira ntchito. Mbuzi uku, nkhumba uku. Amayi aziimba panja."

"Aiphe ndani?"

A Yotamu ananyowetsa chala, natembenuza pepala, nawerenga pang'onopang'ono. "Chiweto chilichonse chiphedwe ndi munthu wokhala ndi laisensi."

Che Uladi anatsinzina diso limodzi. "Tilipo angati?"

"Mmodzi."

"Astaghfirullah!" Mpeni unakwera m'mwamba. A Yotamu anauyang'anitsitsa.

"Umenewo ukwanira. Si yaikulu kwenikweni."

"Ngwamba! Iyayi! Mwamva m'zinenero zonse ziwiri?"

"Ngati vuto ndi mpeni, ndibwereka wina kuti wanuwo usakhudze."

"Akalaliki."

"Miyendo ndigwira ine."

"Akalaliki!"

"Mukhozanso kutsinzina. Lamulo silikunena kuti muziyang'ana."

"Ine ndinabadwa m'Chisilamu, ndinakula m'Chisilamu, tsitsi lachita imvi m'Chisilamu. Lero ndikaime pamaso pa amayi oimba, nditatsinzina, ndikufufuza khosi la chinthu chimenecho? Ichotseni! Ibwerere kwa alamu anu lero lomwe!"

"Singachoke chisawawa. Ili ndi nambala. Ndi katundu wa khonsolo, inalembedwa pakati pa njinga ndi sikelo. Kuti ichoke, pafunika dandaulo lolembedwa, losainidwa ndi mwini laisensi."

"Lembani!"

A Yotamu anatsamiritsa pepala pa fayilo. "I-cho-tse-ni. Le-ro lo-mwe. Ndiikepo chizindikiro chokuwa?"

"Ikanipo ziwiri."

"Kunena zoona mwandithandiza," anatero a Yotamu akulemba. "Yandivutitsa. Imamwa ngati anthu atatu, kutentha kukafika imafunanso matope. Akazi anga, a Nelia, amapita kumtsinje katatu patsiku, ndipo anena kuti iwo sanakwatiwe ndi khonsolo. Mpaka ndinalemba kalata ku boma kupempha madzi."

Che Uladi anaseka mpaka kugwira nthambi. "Mwalemba kalata! Ikagona pamwamba pa zathu zitatu zija, zizifundana."

"Iyayi, ayankha."

"Ayankha?"

"Patangotha masiku asanu ndi limodzi." A Yotamu anasolola kalata yachidindo chofiirira. "Chitsime chavomerezedwa."

"Chiyani?"

"Chitsime. Madzi a anthu ali m'gawo la chitukuko cha m'midzi, ndipo mmenemo mulibe kanthu. Madzi a ziweto za khonsolo ali m'gawo la ulimi. Mmenemo ndalama yangokhala zaka zonsezi, chifukwa khonsolo inalibe chiweto chiyambire."

Che Uladi anakhala pansi pa muzu wa mango, mpeni uli pabondo. Ntchentche zinapeza mpata pa mbuzi ija, iwo osaziingitsa.

"Bwerezani."

"Madzi a anthu ali m'gawo la..."

"Iyayi, ndamva. Ife zaka zitatu, kuomba m'manja, kuvina, kupereka mazira kwa alendo. Iyo masiku asanu ndi limodzi."

"Fomu yake ndi yaifupi."

"Chikumbidwa pati?"

"Pamsika pano, pafupi ndi nyumba yophera. Malo a khonsolo ndi okhawa."

"Ndiye izibwera kudzamwera pomwepo?"

"Iyayi, nkhumba siloledwa kuyendayenda mumsika. Ndowa yake ndiyo izipita kwa iyo."

"Anthu angatungepo?"

A Yotamu anawerenga kalata yonse, naitembenuza, nayang'ananso kuseri. "Sanaletse."

"Akumba liti?"

"Okumba akamaliza kwina. Mwina chilimwe chikubwerachi, mwina chinacho."

"Nanga ikaphedwa Lolemba?"

"Ndiye kuti khonsolo ilibenso chiweto. Ndilemba kalata yoti chitsime sichikufunikanso."

"Mulemba ndithu? Ndi dzanja lanulo?"

"Ndi dongosolo."

"Ikabwerera ku Rivirivi?"

"Chitsime chiitsatira komweko."

Che Uladi anakanda ndevu nthawi yaitali. Kenaka anadzuka, nasasa fumbi kumkanjo. "Akalaliki, pakhomo la nyumba yanu ija mwakhomapo malamulo a ukhondo. Loyamba likuti chiyani? Maso angawa atopa."

"Ndinaloweza. Musanaphe chiweto, tsukani pansi ndi madzi oyera a pamalo pomwepo, osati otunga kumtsinje."

"A pamalo pomwepo. Mumpopi muja mwati mukutuluka chiyani?"

"Buluzi."

"Buluzi amatsuka?"

"Sanamutchule."

"Ndiye Lolemba alendo akhala pamipando, ayufi aima m'mbali, ndipo kalaliki wa khonsolo aphwanya lamulo loyamba la khonsolo, pa tsiku loyamba. Chabwino. Ine ndidzangoonerera. Mwina adzakuombererani m'manja."

A Yotamu anatsegula fayilo, naitseka, naitsegulanso. "Sitingatsegulire madzi asanabwere."

"Mwanena ndinu."

"Ndiyenera kulemba lero kuti mwambo uyambe waima."

"Mwanenanso ndinu. Ine ndine wosaphunzira."

"Ndipo lamulo loletsa kuphera pansi pa mtengo likuyamba tsiku lotsegulira. Ndiye inu mupitiriza pomwe pano."

"Mokakamizidwa," anatero Che Uladi. "Mtima uli kuwawa."

"Pepani."

"Ndipirira."

A Yotamu anapukuta thukuta ndi mkono wa malaya. Kenaka nkhope inagwa. "Koma ndiye ine ndisunga nkhumba zaka ziwiri? Chakudya chake bajeti inangoika cha milungu itatu. A Nelia anyamula katundu. Iyayi, bola dandaulo lanu lija. Mwanena bwino, ichoke lero lomwe. Sainani apa, ngolo ya alamu ibwere mawa."

Anatambasula pepala ndi cholembera. Che Uladi analandira pepala lokha. Analiyala pa thabwa, nadula chiwindi chonse cha mbuzi ija, nachikulunga mmenemo mosamala, mpaka zizindikiro zokuwa zija zinamira m'magazi.

"Ichi mukawapatse a Nelia. Muwauze kuti apirire, mtsinje watsala pang'ono kuwaiwala."

"Koma limenelo ndi dandaulo lanu!"

"Ndani wadandaula?"

"Inu. Mwati ichoke."

"Ine? Mlendo wa boma, wokhala ndi nambala yake, ndimuthamangitse? Mukufuna anthu aziti Uladi amadana ndi chitukuko?"

"Koma mwati ndi haramu."

"Kudya ndi haramu. Kuigwira, sindiigwira. Kuiona, sindikufuna. Koma kodi imatsokomola?"

"Iyayi."

"Imadya bwino? Dzuwa silikuiwomba?"

"Ili pamthunzi wa papaya."

"Papaya ndi mthunzi? Mumange kachisakasa! Nkhumba imakhala zaka zingati?"

"Alamu amati khumi, ikasamalidwa."

"Khumi." Che Uladi anawerenga zala, nayang'ana cha kumsewu wopita ku boma, napukusa mutu. "Ndi liwiro la khonsolo, zikhoza kuchepa. Mawa mubwere ndi thumba kwathu, mudzatenge madeya. Ikangoyetsemula, mundiuze, dokotala wa ziweto ndikamutenga ndekha panjinga."

A Yotamu anaima ndi chiwindi kudzanja limodzi, fayilo kudzanja lina. "Ndilembe kuti chiyani tsono?"

Che Uladi anacheukira kuchipata kuja, naweramira kukhutu kwa kalaliki.

"Musalembe kanthu. Mungoisamala. Pamsika pano, khansala amene wabweretsa madzi ndi yekhayo."