Tsiku Limene Ndinauza Agogo Anu Kuti Ali Girampi

Zaka zija mafakitale ankatsekedwa limodzilimodzi, ife tikulawirira mizere ya unga wa nsima ndi sopo, m'pamene nyumba yathu muno mu Kalingalinga inavuta kukhalamo. Iwe Mwansa, taika pansi foniyo, poti nkhaniyi ndi yako, ndipo nkhope wakwinya chidzukireyo ndikudziwa kumene unaitenga.

Agogo anu aamuna, ba Tembo, ankagwira ntchito kufakitale ya mabulangete, munthu wanthabwala, woyenda ndi nyuzipepala m'khwapa, koma chakudza sichiimba ng'oma, tsiku lina anangopeza geti lili ndi loko. Kuyambira pamenepo anasanduka wamtima wapachala. Nkhuku ikadutsa pakhomo, mlandu. Wailesi ikakhosomola, mlandu. Ine ndikawapatsa moni, amvekere, "Mwauka bwanji ya chani? Uona monga nagona?" Masiku ano inu mumangoti dadi ali mu mudi n'kutseka chitseko, koma kale mkazi sankatchula mkwiyo wa mwamuna pamaso pake. Unkapita kwa ankhoswe, ndipo athu anali kutali ku Katete.

Tsono mwana wathu Esinati, mayi anuwa, anapeza mnyamata wa ku Kitwe, ndipo kwawo anatuma bashibukombe, mkhalapakati wa ukwati wa Abemba, atanyamula mbale zovundikira zofunsira mbeta. Munthu wamkulu, watayi. Ba Tembo anam'thamangitsa asanakhale n'komwe, akuti waponda maluwa awo, chonsecho anali chisoso chomera chokha. Uthenga unabwera woti abweranso Loweruka, koma akathamangitsidwanso, mnyamatayo akam'pezera mkazi wina ku Kitwe. Esinati analira mpaka maso kutupa, ndipo ine mtima unandipweteka zedi.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito m'mayadi, kwa mzungu wina wokalamba ndi mkazi wake. Bwanayo nayenso ankadzuka atakwinya, koma madamu ankangomuikira tiyi n'kunena kuti, "Lero uli girampi," ndipo nkhalamba ija inkaseka n'kuyamba kudya. Ine kudabwa. Safunsa anadya phula, ndinafunsa. Madamu anati girampi ndi nkhalamba yong'ung'udza popanda chifukwa, kiranki ndi mwana wovuta poti sanagone kapena ali ndi njala, ndipo mudi ndi munthu wosinthasintha ngati mitambo ya mwezi wa Novembala. Ndinati kodi azungu mankhwala ali nawo, ife tikuvutikiranji?

Loweruka m'mawa ndinaphika tiyi wopanda shuga, poti shuga ankaoneka mwa apo ndi apo, ndipo ndinagwada bwinobwino, monga anandilangira anamkungwi, n'kuwomba m'manja.

"Batate ba Esinati," ndinatero, "lero muli girampi."

Ana inu, walira mvula walira matope. Ndinaiwala kuti agogo anu Chizungu ankachidziwa kuposa ine, poti zaka zonse zija ankakangana ndi akapitawo achizungu. Kapu inaima m'malere.

"Ine girampi? Girampi ni nkhalamba ilibe mano! Uniona monga nilibe mano?"

"Basi muli kiranki."

"Kiranki ni mwana wa mabotolo! Ndani anakuphunzisa vinthu ivi?"

"Nanga mudi?"

"Mudi ni wosinthasintha. Ine sinisintha, nikalipa masiku onse!"

Apo Esinati, amene ankamvetsera kuseri kwa chitseko, analephera kudzigwira, anaphulika nako kuseka. Ine ndinati lero ukwati watha, wa mwana ndi wanga womwe. Koma bambo aja, m'malo motenga ndodo, anakhala tsonga ngati mphunzitsi, nayamba kufunafuna liwu loyenera. Anayesa iritetedi, nati iyayi, limenelo ndi la munthu wolumidwa ndi udzudzu. Anayesa fedapu, la munthu wotopa nazo, nati layandikira koma silinafike. Atatha a Chizungu onse anayang'ana tiyi uja, ndipo anayankhula m'chinenero chathu, motsitsa.

"Nili na manyazi, amake Esinati. Nidya unga wa mkazi. Uja munthu wa tayi akanifunsa kuti musebenza kuti, nizayankha chani?"

Misozi inanditsika. Miyezi yonse ija ndinkayesa kuti amadana nafe, osadziwa kuti bambo akuopa funso limodzi lokha, loti akugwira ntchito kuti.

Tili choncho tinamva odi, ndipo anali bashibukombe ndi mbale zawo, ataima patali ndi chisoso chija. Anali atamva mkangano wonse, poti makoma a nyumba zathu mukuwadziwa. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mkulu uja anavula chipewa nati, "Ba Tembo, musavutike. Ine ku migodi bananichosa kudala, iyi tayi ni ya mulamu wanga. Bakazi banga bakamba ati ndine kiranki, koma ine niona monga ndine chabe fedapu."

"Imwe ndimwe kiranki zoona," anatero agogo anu atawayang'ana bwinobwino. "Simunadye. Amake Esinati, tiyi!"

Amuna awiri aja anakangana za mawu mpaka dzuwa kufika paliwombo, uku akutukwana mafakitale ndi migodi, ndipo mbale zinalandiridwa pakati pa phwete, mwakuti ndinachita kuwakumbutsa chimene mlendo anadzera.

Ntchito sanaipezenso agogo anu, ankangosoka nsapato pansi pa mtengo wa mango uwo, ndipo kukwiya sanasiyiretu ayi, ndisakunamizeni. Koma mpaka imfa yawo, m'mawa uliwonse ankalengeza okha ali pakhomo kuti, "Lero girampi pang'ono, yendani bwino," ndipo tonse tinkadziwa popondera.

Tsono adzukulu anga, inu mawu a Chizungu muli nawo ambiri kuposa ife, koma mumaponyerana muli chiimire, maso ali pafoni. Munthu akakwinya, mupatseni kaye tiyi, mukhale naye pansi, ndipo musathamangire kuchoka liwu loyamba likakanidwa, poti loona limabwera pomalizira. Ndipo iwe Mwansa, nkhope imeneyo ndi ya ba Tembo yeniyeni. Sendera kuno undiuze chakuvuta, m'chinenero chilichonse chimene ufuna.